Kodi tizinena kuti "nthawi ya mdima"?

Funso: Ndimaphunzitsa mbiri yakale kusekondale. Zaka zija za ku Ulaya zimene Azungu amati Dark Ages, ine ndimauza ana kuti ndi "nthawi ya mdima". Mnzanga wina akuti ndikuwasocheretsa. Chichewa chake choyenera n'chiti? (Mphunzitsi, Dedza)

Yankho: Aphunzitsi, mnzanuyo musamutaye, wakuuzani zoona.

Kwa Mchewa, mdima si kusowa kwa kuwala kokha. Tikati "ntchito za mumdima" timanena ufiti, umbava ndi chigololo. Ndili mwana ndinkamva akuluampingo akupemphera kuti "makolo athu anali mumdima", ndipo palibe amene ankaganiza za nyali. Tonse tinkamva kuti anali mbuli zosadziwa Mulungu. Tsono mwana wa Fomu 2 akamva "nthawi ya mdima", m'mutu mwake mumabwera anthu amene anakhala zaka 1,000 osaganiza kanthu. Umenewo ndi mlandu waukulu, ndipo umboni wake palibe.

Woyambitsa chitonzochi ndi Petrarch, mlakatuli wa ku Italy wa m'zaka za m'ma 1300. Iye ankakonda kwambiri Chilatini cha Aroma akale, mwakuti zonse zimene zinabwera Roma atagwa ankaziona ngati mdima. Kadinala Baronius, wolemba mbiri ya Mpingo wa Katolika, polemba mu 1602 za zaka za m'ma 900, anazitcha m'Chilatini saeculum obscurum, kutanthauza zaka zamdima kapena zosaoneka bwino, koma chifukwa chake chinali china: olemba anali ochepa, nkhani za nthawiyo sizioneka bwino kwa ife obwera pambuyo.

Apa ndi pamene Chichewa chathu chimandisangalatsa. Chimene Baronius ankanena tili nalo liwu lake, ndilo chizimezime. Ndimakhulupirira ndithu kuti mdima, kuzima, kuthima ndi chizimezime ndi ana a mimba imodzi. Tamvetserani -dim-, -zim-, -thim-. Koma ntchito zawo n'zosiyana. Mdima umakuta munthu amene ali m'katimo. Chizimezime chili m'maso mwa woyang'anayo: chinthu chilipo ndithu, koma iye sakuchiona bwino. N'zomvetsa chisoni kuti liwu lokoma chotere achinyamata akulisiya, pa wailesi mungomva "sizikuoneka kiliya".

Sindikukana kuti kunali mavuto. Mfumu yomaliza ya Aroma kumadzulo itachotsedwa mu 476, mizinda inafota. Mzinda wa Roma, umene pachimake unali ndi anthu pafupifupi 1 miliyoni, unatsala ndi osakwana 50,000. Ku Britain ulamuliro wa Aroma utatha cha m'ma 410, ndalama zachitsulo zinasiya kuyenda. Koma zimenezi zinali za kumadzulo kwa Ulaya, kwa zaka mazana ochepa. Constantinople, likulu la ufumu wa Aroma kum'mawa, anaimabe mpaka 1453. Ku Baghdad, cha m'ma 820, al-Khwarizmi ankalemba za masamu a algebra amene ana anu akulimbana nawo lero. Yunivesite ya Bologna ku Italy amaiwerengera kuyambira 1088, ndipo magalasi a maso anatulukira ku Italy chakumapeto kwa zaka za m'ma 1200.

Chimene chimandikhudza kwambiri ine wa zachiyankhulo ndi zilembo. Zilembo zing'onozing'ono zimene mukuwerengazi gwero lake ndi kalembedwe ka amonke a m'nthawi ya Charlemagne, mfumu ya Afulanki imene inavekedwa ufumu waukulu wa kumadzulo kwa Ulaya mu 800, ndi mlangizi wake Alcuin wa ku York, ku England. Akatswiri a ku Italy otsatira Petrarch atapeza mabuku okopedwa ndi amonkewo, anasirira kalembedwe kake poganiza kuti ndi ka Aroma akale, n'kukatengera. Ankatamanda dzanja la anthu omwewo amene ankawanyoza. Ndipotu mabuku ambiri a Chilatini chakale anatifika kudzera m'makope a amonke amenewa.

Chigamulo changa n'chakuti zaka zonse za pakati pa 500 ndi 1500 muziti "Nyengo Yapakati". Ndasankha nyengo osati nthawi chifukwa nyengo ili ndi chiyambi ndi mathero, monga nyengo ya dzinja, ngakhale masiku ano ena akuipanikiza kuti izitanthauza za mvula ndi mphepo zokha. Mukafika pa zaka za m'ma 400 mpaka 700 kumadzulo kwa Ulaya, pamene zolembedwa zikuchepadi, nenani kuti "zaka za chizimezime". "Nthawi ya mdima" muziitchula pokhapokha pofotokozera ana kuti Petrarch ndiye ankaganiza choncho, ndipo muwauzenso chifukwa chake.