Funsani Amalume: Bondo laduka pa ma trials, kodi Mulungu wanditaya?

Amalume, ndine mnyamata wa zaka 21, ndimakhala ku Chawama ndipo bola ndi moyo wanga kuyambira tikumenya mpira wa mapulasitiki pa galaundi ya fumbi. Chaka chino ndinaitanidwa ku ma trials a timu ina ya Super League, ndinasala kudya masiku atatu ndikupemphera, koma tsiku lachiwiri ndikudumphira mpira wa kona ndinatera molakwika, bondo linalira kuti pho ndipo ndinagwa pomwepo. Adokotala akuti mtsempha wa mkati waduka, ACL. Manje miyezi 5 yapita, ndikamatsika minibasi bondo limangopotoka lokha. Anzanga amene amaika mankhwala m'masokosi akusewera bwinobwino, mmodzi wasaina kale. Mneneri wina wandiuza kuti mnzanga wa mu timu anandilodza, ndipite ndi K1,500 ya mbewu. Kutchalitchi ndasiya chifukwa ndikakhala pa benchi ndimangomva mkwiyo. Ndinamulakwira chani Mulungu?
Mnyamata wa ku Chawama

Mphwanga, kalata yako ndaiwerenga kawiri ndipo mtima wandiwawa. Ndiyambe ndi zachangu: ndalama imeneyo usakapereke kwa mneneriyo. ACL imaduka ndendende mmene wafotokozeramu, munthu akatera ndi mwendo umodzi kapena akatembenuka mwadzidzidzi phazi litakanirira pansi, nthawi zambiri popanda womugunda n'komwe, ndiye mnzakoyo usamuyang'ane ndi diso loipa, sanakuchite kanthu. K1,500 ija ipite ku physio ndi ku transport yopitira kuchipatala, ukafunsenso za opaleshoni chifukwa bondo lomapotoka chonchi likhoza kuwononga zina mkatimo. Akakupanga, kubwerera mu galaundi kumatenga miyezi 9 kapena kupitirira, ndipo ntchito yake ndi yotopetsa zedi, kunyamula mwendo uli chigonere pa mphasa, kupinda ndi kuwongola, kupalasa njinga yosayenda ija, tsiku ndi tsiku popanda wokuombera m'manja.

Koma ndikuona kuti chikukupweteka kwambiri si bondo ayi. Unasala kudya, ndipo mumtima unaganiza kuti mwagwirizana ndi Mulungu, iwe wachita mbali yako nayenso achite yake. Ambiri tinaphunzitsidwa pemphero ngati kontirakiti, ndiye zikavuta timayamba kufufuza kuti talakwa pati.

Ine funso lakoli ndinadzifunsa mu 1993. Usiku wa pa 27 April ndege yonyamula timu yathu ya dziko la Zambia yopita ku Senegal inagwera m'nyanja itangonyamuka ku Libreville m'dziko la Gabon, anthu 30 anathera pomwepo, 18 mwa iwo osewera. Tinalira mu Lusaka muno, pa Independence Stadium amayi akukomoka, ndipo manda awo alipo mpaka lero pafupi pomwepo, ukapeza mpata ukaone. Patapita nthawi ndinawerenga Luka 13:4, pamene Yesu akukamba za anthu amene nsanja ya ku Siloamu inawagwera, nawonso anali 18, ndipo akufunsa ngati anali ochimwa kuposa ena onse a mu Yerusalemu, n'kuyankha yekha kuti iyayi. Ndinakhala chete nthawi yaitali tsiku limenelo. Anyamata aja sanali ochimwa kuposa ife otsala, ndipo iwe sunagwe chifukwa unapemphera moperewera.

Anthu amakonda kuthamangira ku 2012, kuti taonani Chipolopolo, timu yathu ya dziko ija, inakatenga chikho cha Africa ku Libreville komweko, Stoppila Sunzu kumenya penate yomaliza, 8-7 ndi Ivory Coast. N'zoona ndipo ine ndinavina mumsewu usiku umenewo. Koma panapita zaka 19, ndipo akazi amasiye aja chikho sichinawabwezere amuna awo. N'chifukwa chake sindikulonjeza kuti udzasaina, sindine mneneri. Kumbukira Enock Mwepu, mwana wa ku Chambishi amene anafika mpaka ku Brighton mu Premier League, mu October 2022 ali ndi zaka 24 chabe madokotala anamupeza ndi vuto la mtima lobadwa nalo ndipo bola inathera pomwepo. Sanabwerere, anayamba kuphunzitsa tiana ta mu academy. Paulo naye anapempha katatu kuti munga wa m'thupi mwake uchoke ndipo sunachoke, anangouzidwa kuti chisomo chikukwanira, werenga 2 Akorinto 12. Vuto lako ndi lopepukirapo, ambiri aduka ACL n'kubwerera, koma ndikufuna chikhulupiriro chako chiime ngakhale zitapanda kutero.

Za mankhwala a m'masokosi zisakusokoneze, mnzako wasaina chifukwa a coach aona miyendo yake ikugwira ntchito.

Lamlungu likubwerali pita kutchalitchi ndi mkwiyo wako womwewo, sukufunika kuusiya pakhomo. Ukalephera kuimba khala chabe, tsegula Salimo 13 pamene Davide akufunsa Mulungu kuti mpaka liti mudzandiiwala, uwerenge mawu amenewo ngati ako. Uuzenso abusa kapena mkulu wa mpingo mmodzi amene umamudalira zonse wandilemberazi, usazisenze wekha. Loweruka pita pa galaundi ya ku Chawama ija, tiana timene tikumenya mpira wa mapulasitiki tikufuna munthu wotisonyeza kudumphira kona ndi kutera ndi miyendo iwiri. Ukaonana ndi adokotala undilemberenso, ndikufuna kumva kuti anena chani za opaleshoni.
Amalume