Za majumbo musaikepo mpamba, achemwali

Achemwali, mwafunsa kuti geni ya ku Tanzania imayenda bwanji, komanso ngati mungayambe ndi majumbo poti ndi opepuka ndipo mu msika wa Zomba amayenda malonda tsiku ndi tsiku.

Njira si yovuta. Mumadzera ku Mzuzu, Karonga, mpaka pa chipata cha Songwe. Mukaoloka mlatho mwafika pa Kasumulu. Wa mpamba wochepa amapikula ku Kyela kapena ku Mbeya n'kutembenuka. Ife a zitenje ndi nsapato timakafika ku msika wa Kariakoo, ku Dar es Salaam. Malisiti muzisunga ngati ndalama, chifukwa a MRA akamawerengera msonkho amafuna kuona mtengo umene mwagulira.

Tsono majumbowo. Ku Tanzania kumene mukufuna kukawagulako anawaletsa pa 1 June 2019: kupanga, kugulitsa, ngakhale kulowa nawo m'dzikomo. Ine ndisanafike pa Songwe ndimayamba ndapisa m'chikwama, kuopa kuti jumbo imene ndinakulungira nsapato ingandichedwetse. Kuno kwathu boma linaletsa mapulasitiki opyapyala, osafika mamaikuloni 60, mu 2015. Makampani anathamangira kukhoti, koma mu 2019 khoti la Supreme linati chiletsocho chili bwino. Nkhaniyi inazungulirabe m'makhoti zaka zingapo, n'chifukwa chake mukuwaonabe pa benchi ya tomato. Kuwaona pamsika sikutanthauza kuti mungadutse nawo pachipata. Akakulandani palibe wokubwezerani, ndipo ngongole ya banki m'khonde siidziwa zimenezo.

Si ife tokha. Rwanda inaletsa mu 2008, Kenya mu 2017. Mu March 2022, maiko 175 anagwirizana ku Nairobi kuti palembedwe pangano la dziko lonse lothana ndi zinyalala za pulasitiki. Anakumana ku Busan, ku South Korea, mu 2024, osamvana. Ku Geneva mu August 2025, chimodzimodzi. Ena akuti pulasitiki wopangidwayo achepe, pamene maiko okumba mafuta akuti tingokonza katayidwe ndi kabwezeretsedwe kake. Kwa ife apamsewu zikutanthauza kuti chipata chilichonse chili ndi lamulo lakelake, ndiye muzifunsa musananyamuke, osati katundu ali kale pamutu.

Poyamba ndinkadandaula nawo. Koma mukaime pa mlatho wa Likangala mvula yoyamba ikagwa, muone zimene madzi amakokolola kupita nazo ku nyanja ya Chilwa, komwe matemba athu amachokera. Mbuzi ya apongozi anga inangowonda mpaka kufa. Poitumbula tinapeza majumbo atapotana m'mimba ngati chingwe.

Musaganize kuti pulasitiki ndasiyana naye. Chaka china ndinachotsa onse mwamantha, mtolo wa zitenje n'kukwezedwa pamwamba pa galimoto uli m'thumba lokha. Mvula inatipeza tisanafike pa Chiweta. Zitenje khumi ndi ziwiri zinasukuluka, ndinazigulitsa pa mtengo wongotaya. Kuyambira pamenepo ndimayenda ndi lona wanga wochindikala, yemwe ndamugwiritsa ntchito zaka zinayi tsopano.

Ngati mtima wanu uli pa zonyamulira, ku Kariakoo kuli timatumba tangati nsalu timene analowetsa m'malo mwa majumbo. Tengani madazeni ochepa muyesere kaye kwa amayi a masitolo, chifukwa wogula tomato wa K500 sangalipire thumba. Ine ndinyamuka mwezi ukatha. Mukafuna tidzakwere limodzi, pasipoti mukonzeretu.