Shopu ndi kantini pa malo okumbukira nkhondo: aziyendetsa ndani?

Mwafunsa kuti pa malo okumbukira anthu amene anafa pa nkhondo, zimbudzi, poimika magalimoto, kantini ndi shopu ziziyendetsedwa ndi kampani yofuna phindu kapena bungwe losafuna phindu, komanso ngati kugulitsa zinthu pafupi ndi manda si mwano. Dzina la woyendetsa silinena zambiri. Nkhani yagona pa mwini malo ndi zimene zalembedwa mu mgwirizano.

Ambiri amaiwala kuti malo oterewa amadya ndalama. Ku Auschwitz-Birkenau, msasa umene chipani cha Nazi cha ku Germany chinkapherako anthu pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, m'dziko la Poland, kunafika alendo oposa 2 miliyoni mu 2019. Onsewo ankafuna madzi, zimbudzi, alonda ndi poima mabasi, uku matabwa a nyumba za akaidi akufumbwa, waya akuchita dzimbiri. Kulowa n'kwaulere, mumalipira mukafuna wokuperekezani. Ndalama zokonzera nyumba zimachokera ku thumba la Auschwitz-Birkenau Foundation, lomwe linakhazikitsidwa mu 2009 n'cholinga chosonkhanitsa mayuro 120 miliyoni. Amagwiritsa ntchito chiwongoladzanja chokha, mpamba saukhudza. Njira imeneyi ndiyo yolimba, chifukwa denga likadontha sadikira kuti shopu igulitse kaye. Manda a Commonwealth War Graves Commission, bungwe losamalira manda a asilikali a maiko a Commonwealth, omwe ali m'malo pafupifupi 23,000, nawonso salipiritsa, poti maboma 6 ndi amene amasonkha ndalama.

Kampani ikasiyidwa yokha imamanga chimene chimakoka makasitomala. Ku Gettysburg, ku America, kumene kunamenyedwa nkhondo mu 1863, wamalonda anamanga nsanja yachitsulo yotalika mamita oposa 90 m'mphepete mwa bwalo la nkhondo, n'kuitsegula mu 1974. Ukaima pamanda a asilikali, maso ankangogunda nsanjayo. Popeza inali pa malo a mwini wake, boma linachita kulanda malowo molipira, n'kuigwetsa mu 2000. Zaka 26 zonsezo zinatayika chifukwa panalibe lamulo loteteza malo ozungulira. Dziko la Poland linadutsa momwemo: patabuka mkangano wa sitolo yaikulu imene inkafuna kumangidwa pafupi ndi Auschwitz mu 1996, anakhazikitsa lamulo mu 1999 lopatula chigawo chofika mamita 100 kuzungulira misasa yakale yophera anthu ya chipani cha Nazi.

Koma musaganize kuti kopanda kampani n'koyera. Ku Cu Chi, ku Vietnam, kumene kuli njira zapansi pa nthaka zimene asilikali ankabisalamo pa nkhondo, malowo ali m'manja mwa boma, komabe alendo amagula zipolopolo n'kumawombera mfuti za AK-47, ena ali chiimire kumvetsera za anthu amene anafera pomwepo. Bungwe losafuna phindu nalonso limakhala ndi ngongole ndi malipiro a antchito. Likamanga nyumba yaikulu ndi ndalama zobwereka, mawa lake limayamba kuwerenga mitu pakhomo ngati kampani iliyonse. Ndipo amene amadalira alendo okha anaona zakuda mu 2020 pamene Covid-19 inatseka zipata.

Ndiye mukamaona mgwirizano, yambani ndi umwini. Nthaka, manda, zinthu zakale ndi mawu olembedwa pa zikwangwani zikhale za boma kapena bungwe loyang'anira. Kampani ibwereke nyumba yokha, kwa zaka 5 mpaka 10, ndi ndime yoti ikaphwanya malamulo ichoke. Zaka 30, ngati zimene boma la mzinda wa Phnom Penh, ku Cambodia, linapatsa kampani mu 2005 pa manda a Choeung Ek, a anthu ophedwa ndi ulamuliro wankhanza wa Khmer Rouge, ndi m'badwo wathunthu. Opulumuka ambiri amamwalira asanapeze mpata wokonza cholakwika.

Lendi iwerengedwe pa ndalama zonse zimene zalowa m'kabati, osati pa phindu. Phindu limabisika mosavuta: kampani imangoonjezera ndalama za mafuta, za mabwana, za kukonza galimoto, chaka n'kutha ikulira kuti yaluza. Mabuku aziunikidwa ndi akatswiri akunja chaka chilichonse, ndipo zotsatira zizilengezedwa.

Pomanga pamafunika kuyenda ndi miyendo, osadalira pulani ya papepala. Imani pamanda penipeni, tembenukani mbali zonse. Ngati mukuona chikwangwani cha kantini, kumva jenereta kapena fungo la mafuta okazingira, nyumbayo yayandikira. Malole obweretsa katundu akhale ndi khomo lawo ndi maola awo. Shopu ikhale pambali potulukira, munthu amene akupukuta misozi asakakamizike kudutsa pakati pa mashelefu kuti apeze chipata. Zimbudzi ndi madzi akumwa zikhale munthu asanafike polipira, chifukwa obwera ambiri ndi okalamba ndi ana asukulu, ndipo basi imodzi imatsitsa anthu 50 nthawi imodzi, onse akuthamangira komweko.

Katundu wa mushopu avomerezedwe ndi komiti yomwe muli achibale a omwalira kapena asilikali akale. Mabuku, mapu ndi maluwa sizivuta. Mfuti zoseweretsa, makapu okhala ndi chithunzi cha manda, ndi zipolopolo zotoledwa pabwalo la nkhondo ndi zimene zimayambitsa phokoso, ndipo zotolazo zimalimbikitsa anthu kukafukula usiku.

Operekeza alendo azilemba mayeso, ngati mmene amachitira ku Gettysburg, apo ayi amene amadalira tipi amakometsera nkhani mpaka mbiri kupotoka. Matikiti aulere nawo ali ndi msampha wake: makampani a maulendo amawatenga ambirimbiri m'mawa, n'kuwaphatikiza ndi mtengo wa basi, munthu wobwera yekha n'kupeza atha. Ku Auschwitz tikiti imalembedwa dzina la mwini wake ndipo pachipata amaona chiphaso. Onjezerani malire a matikiti amene kampani imodzi ingatenge pa tsiku, ndipo ena asungidwe pakhomo kuti wachibale amene wabwera kudzaona dzina la agogo ake asabwezedwe.