Kuyankha achimwene a ku Chinamwali pa nkhani ya B450 ndi B550

Achimwene ndawerenga funso lanu lonse komanso ma comment a anzathu apa, ndiye ndiloleni ndiyankhe motalikirapo chifukwa pali chinthu chimodzi chimene ambiri achidumpha. Mwati muli ndi CPU (purosesa ya kompyuta) ya Ryzen 5 2600 pa motherboard, kapena kuti bodi, ya A320 imene ma USB ake akumbuyo anafa ndi mphenzi, mumapanga edit ma video a maukwati ndi zinkhoswe, graphics card yanu ndi GTX 1650, ndipo mukufuna kusankha bodi yatsopano pakati pa Gigabyte B450M DS3H ndi B550M DS3H. Mwanenanso kuti Ryzen 5 5600 mudzagula patsogolo ndalama zikadzapezeka, panopa mupitiliza kaye ndi 2600 yomweyo.

Mawu omalizawo ndi amene akuweruza nkhani yonseyi. Tengani B450.

Ndikudziwa kuti anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi apa akuuzani kuti B550 ndiye dilu chifukwa ndi yatsopano, ndipo sakunama, B450 inatuluka 2018 pomwe B550 inabwera 2020. Socket, polowetsa CPU, ndi imodzi yomweyo, AM4, moti 2600 yanuyo ilowa bwinobwino mu B550 ndikutseka kachitsulo kogwira CPU kaja popanda vuto. Koma kulowa ndi kuyaka ndi zinthu ziwiri zosiyana. AMD, kampani yopanga ma Ryzen, sinayike ma Ryzen 1000 ndi 2000 (gulu limene muli 2600 yanu) pa mndandanda wa ma CPU ovomerezeka pa B550, inayambira pa 3000 kupita mtsogolo. Alipo anthu amene anayesa zinawayakira, enanso anangoona mafani akuzungulira screen ili bii, ndiye inu muli ndi ntchito za anthu mmanja, mkwatibwi akukuyimbirani tsiku ndi tsiku kufunsa video yake, simungayike ndalama zanu pa chinthu chodalira mwayi. Mukagula B550 lero mutha kupezeka mwasunga bodi mu katoni miyezi inayi kudikira CPU, uku mukuvutikabe ndi A320 yopanda ma USB ija.

B450 imayendetsa 2600 pompopompo, ndipo ikalandira BIOS yatsopano (kapulogalamu ka mu bodi koyambitsa kompyuta) imayendetsanso 5600. Ndiye njira yake ndi iyi, mugula bodi, muyika 2600 yanu, muyatsa, mupanga update BIOS CPU yakaleyo ili momwemo, kenako tsiku limene 5600 idzafike mudzangozula iyi nkuyika iyo basi. Osadzagulitsa 2600 musanapange update chonde, chifukwa B450M DS3H ilibe kabatani kopangira flash BIOS popanda CPU. B550M DS3H ndi imene ili nako, amakatcha Q-Flash Plus. Munthu amene alibe CPU yakale, kwa iyeyo B550 ndi yabwinodi, koma inu muli nayo kale.

Tsopano pa BIOS pomwepa ndikufuna ndichedwepo pang'ono chifukwa ine zinandionekera. Ndinali kupanga update bodi ya mphwanga kuno ku Matawale, mzere woonetsa pamene update yafika uja uli chapakatikati magetsi anangoti thii, ndipo bodiyo sinadzukenso, mpaka tinachita kuyitengera ku Blantyre kwa munthu amene ali ndi kachipangizo kolembera chip mwachindunji. Sabata yonse mwana anakhala wopanda kompyuta nthawi ya ma assignment ndipo zinandiwawa kwambiri chifukwa anandikhulupilira. Update yokha imatenga mphindi zochepa chabe koma mphindi zimenezo magetsi asayerekeze kuphethira. Ngati mulibe UPS, batire yosunga kompyuta ili chiyakire magetsi akathima, bwerekani, kapena nyamulani kompyuta mupite kwa mnzanu amene ali ndi inverter, ndipo kukachita mitambo yakuda kuphiriku mvula ikuopseza musayambe nkomwe. File ya BIOS mutenge pa website ya Gigabyte yeniyeniyo, muyike pa flash ya FAT32, ndipo muyang'ane pa bodi pamene palembedwa dzina ndi rev yake chifukwa pali B450M DS3H wamba komanso pali V2, ma file awo ndi osiyana. Muwerengenso timawu timene amalemba pambali pa version iliyonse, nthawi zina amati uyambe wayika version inayake yapakati usanadumphire yomaliza.

Nanga PCIe 4.0, msewu wa data wothamanga kuposa 3.0, imene anzathu akuitama apayi? Zoona B550 ili nayo pa slot ya graphics card ndi pa M.2 (slot ya SSD) yoyamba, B450 imathera pa 3.0. Koma GTX 1650 yanuyo ndi card ya PCIe 3.0, ngakhale muyiyike pa B550 siyithamanga kuposa mmene ikuthamangira panopa. Pa SSD kusiyana kulipo, NVMe (SSD yolowa mu M.2) ya Gen 3, kutanthauza PCIe 3.0, imafika cha mma 3,500 MB pa sekondi pomwe Gen 4 yabwino imafika cha mma 7,000, koma ma video a 1080p amene ambiri timajambula pa zinkhoswe sangadzadze ngakhale Gen 3 imeneyo. Chimene chimakuchedwetsani pa render ndi CPU ndi RAM, osati msewu wa SSD. Chenjezo limodzi lokha, mukadzakhala pa B450 musadzagule RX 6500 XT, graphics card imeneyo ili ndi ma lane 4 okha ndiye pa PCIe 3.0 imabanika kwambiri. Ndipo amene akuganiza za CPU ya Ryzen 5 5600G adziwe kuti iyo ndi ya PCIe 3.0 ngakhale pa B550.

Pamene B550M DS3H ikuposadi ndi pa M.2, ili ndi ma slot awiri pomwe B450M DS3H ili ndi imodzi. Kwa munthu wa ma video izi ndimazimvetsa, malo sakwana. Koma ma SATA, polumikiza ma hard drive, alipo 4 pa B450M DS3H, ndiye NVMe ikhale ya Windows ndi project imene mukugwira, zomalizidwa zizipita pa hard drive wamba.

RAM yanu ya DDR4 igwira pa ma bodi onse awiri, palibe kugulanso. Chosangalatsa nchoti mukuchoka pa ma slot awiri kupita pa anayi. Ngati muli ndi timitengo ta RAM tiwiri muyike pa slot yachiwiri ndi yachinayi kuwerenga kuchokera ku CPU kuti ziziyenda dual channel, misewu iwiri nthawi imodzi, ma Ryzen amasintha kwambiri ndi zimenezi, ndipo mukalowa mu BIOS muyatse XMP, yoyendetsa RAM pa liwiro lake lonse, apo ayi RAM yanu izingoyenda pa liwiro la 2133 kapena 2400 ngakhale itakhala ya 3200. Ndalama imene mupulumutse posagula B550, ine ndikanakhala inu ndikanayiponya pa RAM kuti ifike 16GB kapena 32GB, kapena pa UPS ndi surge protector yeniyeni, poti mphenzi inakulandani kale bodi imodzi ndipo dzinja likubweranso. Mphenzi imalowanso kudzera pa waya wa network ndi wa printer, si pa socket pokha, ndiye kukayamba kugunda muzizula zonse.

Simunanene ngati B450 imene mwaipezayo ndi yatsopano kapena yogwiritsidwa kale ntchito. Ngati ndi second hand musapereke ndalama musanaione ikuyaka. Pitani ndi CPU ndi RAM yanu, muyese slot iliyonse ya RAM payokhapayokha, mubaye flash mu USB iliyonse, muyang'ane ngati pali poderako ngati popsa pafupi ndi socket, ndipo mufunse kachitsulo kotseka kumbuyo kaja, I/O shield, chifukwa ogulitsa ambiri amakataya ndiye mphemvu ndi fumbi zimapeza khomo. Ma bodi onse awiriwa ndi a saizi ya micro-ATX choncho ngati kesi yanu inalandira A320 ya micro-ATX ilandiranso izi, pokhapokha ngati ndi ma kesi a HP kapena Dell a mmaofesi aja amene mabowo ndi mawaya ake amakhala achilendo.

Pochotsa 2600 pa bodi yakale, muyatse kaye kompyuta mphindi zingapo kuti paste ya pakati pa CPU ndi cooler ifewe, muzimitse, kenako cooler muyipotokole pang'onopang'ono uku ndi uku musanakoke. Ma CPU a AM4 mapini ali pa CPU penipenipo ndipo amakonda kuzuka limodzi ndi cooler, mapini akapindika ndi ntchito yaikulu kuwaongola. Paste yatsopano mukhale nayo pafupi. Windows yanunso muilumikize ku Microsoft account musanasinthe bodi chifukwa activation imamangilidwa ku motherboard, ndipo popeza Windows 10 anasiya kuipatsa ma update wamba pa 14 October 2025, pa bodi yatsopanoyo muyatse fTPM, setting ya chitetezo, mu BIOS kuti Windows 11 ilole, 2600 ndi yovomerezeka.

Koma ngati mwina zasintha ndipo mutha kukwanitsa bodi ndi 5600 tsiku limodzi, pamenepo ndiye tengani B550, 2600 mugulitse ikubwezereniko kangachepe. Mundiuze RAM muli nayo ingati komanso power supply yanu ndi ya ma watt angati, ndipo ngati UPS yavuta kupeza ndilembereni ku inbox, yanga nditha kubwera nayo ku Chinamwali Loweruka masana tidzapangire limodzi update imeneyo.