Kwa achimwene a ku Luwinga: VAMPIRE kapena MuMax3?

Achimwene, mwafunsa kuti pa pulojekiti yanu ya maginito muyambe ndi pulogalamu iti yoyeserera maginito pa kompyuta, VAMPIRE kapena MuMax3, poti laputopu yanu ilibe khadi la zithunzi la NVIDIA. Nkhani imeneyi ndimaikonda kwambiri, choncho mupirire, ndilemba motalikirapo.

Awiriwa si opikisana ayi. Amayang'ana chinthu chimodzi, koma wina ali pafupi, wina ali patali. Mukaima pamtunda n'kuyang'ana munda wa chimanga mphepo ikuomba, mumaona funde likuyenda m'munda wonse. Mukalowamo, mumaona phesi lililonse likugwedezeka palokha. MuMax3 ndi pulogalamu ina yofanana nayo yotchedwa OOMMF amaima pamtunda: amadula chitsulo m'timabokosi ta nanomita pang'ono (nanomita biliyoni imodzi ndiye mita imodzi), kabokosi kalikonse n'kukapatsa muvi umodzi wosonyeza komwe mphamvu ya maginito yaloza. VAMPIRE, yomwe inapangidwa ku University of York, imalowa m'munda: atomu iliyonse ili ndi muvi wakewake.

Muviwo suthamangira komwe mwaukokera. Umayamba wazungulira, ngati nguli ija tinkakwapula tili ana, ikayamba kupendeka mutu ukujambula bwalo. Landau ndi Lifshitz analemba masamu ake mu 1935, ndipo Gilbert anakonza gawo la kuchepa kwa kuzungulirako mu 1955. Mapulogalamu onse atatuwa amawerengera masamu omwewo, kusiyana kwake n'kwakuti muviwo ukuimira atomu imodzi kapena maatomu zikwizikwi.

Tsono taonani mtengo wake. Pali ntchito yoyesera yomwe aliyense amayambira, imatchedwa Standard Problem 4: kachidutswa ka permalloy, chitsulo chosakaniza nickel ndi iron, ka nanomita 500 m'litali, 125 m'lifupi, 3 kukhuthala. Mukakadula timabokosi ta 5 ndi 5 ndi 3, mupeza mivi 2,500 yokha. Laputopu iliyonse imatha zimenezi tiyi asanazizire. Kachidutswa komweko kali ndi maatomu oposa 16 miliyoni, ndipo pa mlingo wa atomu nthawi imayenda m'timasitepe ta femtosecond imodzi kapena kucheperapo. Kuti muone nanosecond imodzi (gawo limodzi mwa magawo biliyoni a sekondi, lomwe ndi ma femtosecond miliyoni), ndiye masitepe miliyoni, lililonse likuwerengera maatomu onsewo. Pa laputopu ya kuhositelo, magetsi akuzimazima, ntchitoyo simungaimalize.

Nanga bwanji anthu amavutikabe ndi maatomu? Chifukwa cha kutentha. Tsiku lina ndinaika msomali pa mbaula, n'kukupiza makala mpaka msomaliwo unafiira psuu. Nditautulutsa ndi pulayala n'kuuyandikiza ku maginito a sipika yakale, sunagwire ngakhale pang'ono. Patangopita kanthawi, kufiira kuja kukuzirala, unangoti kakata! Chitsulo cha iron chimataya umaginito pa madigiri 770 a Celsius, nickel pa 358. Malire amenewa amatchedwa kutentha kwa Curie. Chimachitika n'chakuti kutentha kumabalalitsa mivi ya maatomu, uwu uku uwu uko, mpaka mphamvu yawo yonse ikaphatikizidwa imatha. Mu MuMax3 ndi OOMMF muvi wa kabokosi umatembenuka koma sufupika, choncho pafupi ndi malire amenewa sangakuuzeni zoona. VAMPIRE ndiye amaonetsa bwino, mumaona mzere wa umaginito ukutsika mpaka pansi. Ndipo si zamasewera chabe: mu 1996 ku Strasbourg, Beaurepaire ndi anzake anaomba nickel ndi laser, umaginito n'kutsika pasanathe picosecond imodzi (ma femtosecond chikwi). Ma hard disk atsopano a Seagate a mtundu wa HAMR amatenthetsa kadontho ndi laser asanalembepo. Zoterezi zimafuna kuwerengera pa mlingo wa atomu.

Akatswiri amalumikiza milingo iwiriyi. Amayendetsa kachidutswa kakang'ono pa mlingo wa atomu, n'kupeza momwe umaginito ndi kugwirana kwa mivi zimasinthira ndi kutentha, kenako manambalawo amawapereka ku masamu a timabokosi otchedwa Landau-Lifshitz-Bloch, omwe Garanin analemba mu 1997, momwe muvi umaloledwa kufupika. Kwa ine apa ndiye pokoma penipeni, koma si poyambira.

Langizo langa: siyani kaye MuMax3, chifukwa popanda NVIDIA siyenda pa makina anu. Ikani OOMMF ya ku NIST, bungwe la miyezo la boma la America; ndi yaulere ndipo imayenda pa purosesa wamba. Chitani Standard Problem 4 mpaka mizere yanu ifanane ndi ya ena. Samalani kukula kwa kabokosi: pa permalloy kasapitirire nanomita 5, apo ayi mupeza zithunzi zokongola koma zabodza, ndipo pulogalamuyo sikuchenjezani. Muchepetse kabokosi ndi theka, muyendetsenso. Yankho likasintha kwambiri, ndiye kuti simunafike.

Mukakhazikika pamenepo, ikani VAMPIRE, nayonso ndi yaulere. Mupange kabokosi ka nickel ka nanomita zingapo mbali iliyonse, mukweze kutentha pang'onopang'ono, muone ngati umaginito uthere pafupi ndi 358 paja. Zigawo ziwirizi zikukwana pulojekiti yabwino, ndipo aphunzitsi anu ku Mzuni adzaona kuti mwamvetsa komwe njira iliyonse imathera. Mafayilo a zotsatira muzisunga pa fulashi tsiku lililonse. Mukakakamira pa fayilo ya material ya VAMPIRE, momwe mumalembamo manambala a chitsulocho, ponyani chithunzi chake muno tiyang'anire limodzi.