Kodi ku Le Mans kuli galimoto zokhazokha?

Mayi wina wokhala ku Leeds wanditumizira imelo. Akuti amuna awo akukakamira kuti pa tchuthi chawo cha ku France akafikenso ku Le Mans chifukwa cha mpikisano wa galimoto, pomwe iwo phokoso la injini siliwasangalatsa n'komwe. Akufunsa kuti: "Ine ndikatani kumeneko? Kapena ndingotsala ku Paris?"

Mayi, musatsale. Sitima yothamanga kwambiri ya TGV yochokera pa siteshoni ya Montparnasse ku Paris imafika ku Le Mans pasanathe ola limodzi, ndiye kukakutopetsani, madzulo ake muli kale ku Paris. Koma ndikukayika ngati kukakutopetseni.

Choyamba mumvetse chimene chikuwakoka bambowo. Mpikisano wa maola 24 unayamba mu 1923, ndipo amaukonza ndi a bungwe la Automobile Club de l'Ouest. Wopambana ndi amene wayenda mtunda wautali kuposa onse maolawo akamakwana. Galimoto imodzi imakhala ndi madalaivala atatu osinthana, usana ndi usiku, mvula igwe isagwe, kuzungulira njira ya makilomita 13.6. Opambana masiku ano amadutsa makilomita 5,000. Liwiro lokha silikwanira, chifukwa galimoto ikafa mbandakucha, zonse zathera pomwepo. N'chifukwa chake makampani amayeserako zipangizo zawo: mabuleki a disiki anatchuka Jaguar itapambana nawo mu 1953. Porsche ndiyo yapambana kambiri, ka 19.

Mbiri yake ili ndi misozi. Mu 1955 Mercedes ya Pierre Levegh inauluka n'kugwera m'khamu la oonerera, anthu oposa 80 anafa. Ndipo kale poyamba mpikisano madalaivala ankathamanga wapansi kuwoloka msewu, kudumphira m'galimoto n'kuliyatsa, ambiri osamanga bwino lamba. Mu 1969 Jacky Ickx anakana zimenezo. Anayenda pang'onopang'ono, anamanga lamba, ananyamuka womaliza, mawa lake n'kupambana. Chaka chotsatira mwambo wothamangawo unatha. Nkhani imeneyi muwafunse bambo m'sitima, muona mmene aikambire ndi manja omwe.

Tsopano zanu. Mzindawu unalipo kalekale galimoto zisanabwere. Pamwamba pa mtsinje wa Sarthe pali tawuni yakale yotchedwa Cité Plantagenêt, yozunguliridwa ndi linga limene Aroma anamanga cha kumapeto kwa zaka za m'ma 200. Lingalo ndi lofiirira, ndipo omanga anayala njerwa ndi miyala yowala mosinthanitsa mpaka kupanga zokongoletsa pakhoma. Ndi limodzi mwa malinga a Aroma osungika bwino ku Ulaya konse. M'kati mwake muli tinjira tamiyala ndi nyumba za matabwa zopendekeka, moti opanga mafilimu a nkhani zakale amakonda kujambulirako. Valani nsapato zafulati, miyalayo siigwirizana ndi gogoda.

Popeza mukukhala ku England, gawo ili likukhudzani. M'tchalitchi chachikulu cha Saint-Julien, Geoffrey wa ku Anjou anakwatira Matilda, mwana wa mfumu Henry I ya England, mu 1128. Mwana wawo anabadwira ku Le Mans komweko mu 1133, ndipo ndi amene anadzakhala Henry II, woyamba wa mafumu a banja la Plantagenet amene analamulira England zaka zoposa 300. Kunja kwa tawuni kuli nyumba ya amonke ya Épau, yomwe Berengaria, mkazi wamasiye wa mfumu ya England Richard the Lionheart, anaikhazikitsa mu 1229, ndipo manda ake ali komweko. Tchalitchi cha Saint-Julien chija chili ndi mawindo ena a magalasi amitundu omwe ali m'gulu la akale kwambiri ku France. Pakona yake panja patsamira mwala wautali woimikidwa ndi anthu akale Chikhristu chisanafike, ndipo alendo amapisa chala m'kabowo kake pofuna mwayi.

Njala ikakupwetekani funsani rillettes, nyama ya nkhumba yophikidwa nthawi yaitali m'mafuta ake mpaka kunyenyeka, yopaka pa buledi. Ngati simudya nkhumba, ziliponso za bakha ndi za nkhuku.

Nkhani yaikulu ndi ya nthawi. Mpikisano umachitika mu June, ndipo mu 2023, pokumbukira zaka 100, kunafika anthu oposa 300,000. Sabata imeneyo malo ogona amadzaza miyezi yambiri isanakwane, mitengo n'kukwera, ambiri amagona m'matenti. Ngati bambo sakuumirira kuonera mpikisano weniweniwo, pitani mu July kapena August. Nthawi imeneyo usiku amawalitsa zithunzi pa makoma a tchalitchi ndi pa linga, chionetsero chotchedwa La Nuit des Chimères, ndipo n'chaulere. Bambo nawo sataya kanthu: pafupi ndi chipata cha bwalo pali nyumba yosungiramo galimoto zakale za mpikisanowu, ndipo mbali yaikulu ya njirayo ndi misewu wamba yomwe imangotsekedwa pa nthawi ya mpikisano. Mukabwereka galimoto akhoza kuyendetsa okha pa msewu wowongoka wa Mulsanne, pafupi ndi pomwe Wilbur Wright, mmodzi mwa oyamba kupanga ndege, anaulutsira ndege yake mu 1908. Muwakumbutse chabe kuti masiku wamba pamenepo pamadutsa malole ndi mabasi, ndipo malamulo a liwiro amagwira ntchito.