Kodi tizilombo ta pakhungu la mwana wobadwa masiku asanakwane timachokera kuti?

FUNSO: Mwana wanga anabadwa mimba ili ndi masabata 31 ndipo tidakali m'chipatala. Anamwino akundiuza kuti ndizisamba m'manja ndisanamugwire poopa tizilombo, komabe akufuna kuti ndizimuika pachifuwa panga popanda chovala pakati pathu. Kodi khungu langa lilibe tizilombo? Zikundisokoneza. – Mayi wa ku Dedza

YANKHO: Mayi, khungu lanu lili ndi mabakiteriya ochuluka, ndipo ambiri mwa iwo mwana wanu akuwafuna. Mwana akamabadwa, khungu lake limakhala ngati munda wongolimidwa kumene, moti mbewu imene yayamba kugwerapo ndiyo imamera. Wobadwira njira yachibadwa amatenga mabakiteriya a m'njira ya amayi ake, monga a mtundu wa Lactobacillus, pamene wobadwa kudzera pa opaleshoni amayamba ndi ofanana ndi a pakhungu, monga Staphylococcus.

Kwa mwana wobadwa masabata 37 asanakwane, munda umenewu ndi wosakhwima. Chikamba chapamwamba cha khungu chimakhwima mimba ikafika pafupifupi masabata 34, n'chifukwa chake khungu la mwana wanu mukuliona lofiira, lonyezimira, mitsempha ikuonekera. Limataya madzi msanga ndipo limasupuka ngakhale pongomatula pulasitala. Mafuta oyera amene ana amabadwa nawo, omwe amateteza khungu, amakhala ochepa kwa ana obadwa msanga kwambiri. Komanso khungu la munthu limakhala ndi kaasidi pang'ono kamene kamalepheretsa tizilombo toipa kuswana, koma kwa khanda kameneka kamadza pang'onopang'ono m'masabata oyamba. Chotonthoza n'chakuti mwana akangotuluka m'mimba khungu limafulumira kukhwima, ndipo kwa ana ambiri limalimba pakatha masabata awiri kapena atatu.

Vuto lili pa kumene mabakiteriya oyambirirawo akuchokera. Mwana wogona m'makina ofunditsira amagwidwa ndi manja ambiri, amakhudzana ndi mapaipi, ndipo kawirikawiri amalandira mankhwala opha mabakiteriya, amene amapha oipa ndi abwino omwe. Zotsatira zake n'zakuti pakhungu pake pamakhala mitundu yochepa, ndipo wochuluka amakhala Staphylococcus epidermidis. Kwa inu ndi ine kachilomboka n'kopanda vuto, koma kakalowa m'magazi a khanda kudzera pamene pabayidwa diripi kangathe kumudwalitsa kwambiri. M'zipatala mumapezekanso ena oopsa, monga Klebsiella, amene nthawi zina samva mankhwala.

Apa ndi pamene malangizo awiri a anamwino akugwirizana. Manja anu amagwira zitseko, ndalama, foni ndi mpopi wa onse, choncho amanyamula tizilombo ta anthu ena. Pachifuwa panu pali mabakiteriya anuanu, amene thupi lanu limawadziwa, ndipo chitetezo cholimbana ndi tizilombo ta malo amene mukukhala chimapita kwa mwana kudzera mu mkaka wa m'mawere. Akakhala m'chitenje pachifuwa panu, atavala kachipewa ndi thewera lokha, mabakiteriya anu amatenga malo amene akanatengedwa ndi a m'chipatala.

Njira imeneyi yoika mwana pachifuwa, yotchedwa kangaru, inayamba mu 1978 ku Bogotá, m'dziko la Colombia. Kafukufuku amene anatuluka mu 2021, wochitikira ku Ghana, India, Nigeria, Tanzania ndi kuno ku Malawi pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, anapeza kuti kuyamba kangaru mwana atangobadwa kunachepetsa imfa za ana ochepa sikelo ndi 25 pa 100 alionse. Mu 2022 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linalangiza kuti kangaru aziyamba nthawi yomweyo.

Ndikupempheni chinthu chimodzi chimene ndikudziwa kuti n'chovuta pamaso pa apongozi kapena agogo: musalole kuti mwanayu apakidwe mankhwala azitsamba, phulusa kapena ufa wonunkhira pakhungu ndi pamchombo, ndipo alendo asamamupatsirane m'manja. Za kumusambitsa, dikirani anamwino akuuzeni nthawi yake. Mukaona mchombo ukufiira kapena kutuluka mafinya, thupi lazizira kapena latentha, akubanika kapena wafooka osafuna kuyamwa, itanani anamwino pompo, ngakhale pakati pa usiku.